KUYABWA KUMALO OBISIKA KWA ANA AAKAZI

Mwana wamkazi akayamba kudzikanda kumalo obisika, makolo ambiri amagwidwa ndi manyazi. Ena amam'kalipira, ena amathamangira kwa anthu odula mauka. Chonsecho vutoli ndi lofala mwa atsikana osatha msinkhu, ndipo kaŵirikaŵiri gwero lake ndi laling'ono.

Mtsikana asanakule, khungu la pamalopo limakhala lopyapyala, losachedwa kutupa. Njira ya chimbudzi nayo ili pafupi, kotero kuti mwana akamadzipukuta kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, amadzipaka yekha tizilombo ta m'chimbudzi. Sopo wonunkhira, kabudula wam'kati wa nayiloni, kukhala pa mchenga osavala ndiponso kukhalitsa ndi zovala zonyoŵa, zonsezi zimaputa kuyabwa. Mwana wotere akhazikidwe m'beseni la madzi ofunda opanda sopo kwa mphindi 10 tsiku lililonse, aumitsidwe bwino, apakidwe Vaseline pang'ono, ndipo azivala kabudula wa thonje wosathina.

Kuyabwa kukamakula usiku, mwana nkumalephera kugona, makolo aganizire za tinjoka ta m'mimba toyera ngati ulusi. Timeneti timatuluka usiku kudzaikira mazira kunja kwa njira ya chimbudzi, ndipo tina timasokerera kutsogolo. Mazirawo amakanirira m'zikhadabo nabwerera m'kamwa. Kuchipatala amapereka mebendazole, amene ayenera kumwedwa ndi banja lonse ndi kubwerezedwa patapita masabata aŵiri. Zikhadabo ziŵengedwe, zofunda zichapidwe.

Kudula mwana ndi lezala sikuchiza chilichonse mwa zimenezi. Zimene amadulazo ndi ziŵalo zake zachibadwa. Mwanayo amataya magazi, ndipo angathe kutenga kafumbata kapena HIV. Mankhwala amene amayi amaika kumaliseche nawonso sayenera mwana.

Koma pakaoneka mafinya, magazi, zilonda kapena fungo loipa, kapenanso mwana akamalira pokodza, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mwina kanthu monga kapepala kapena njere kaloŵa m'kati. Mwina ndi likodzo, makamaka mwa ana osamba m'nyanja ndi m'madambo, limene amachiza ndi praziquantel. Nthaŵi zina, ngakhale nkovuta kuzitchula, chimapezeka ndi chinzonono, kusonyeza kuti wina wam'chita zachipongwe. Pamenepo mayi am'funse mofatsa, osam'wopseza, am'khulupirire, ndipo nkhaniyo ikafike kupolisi ngakhale wolakwayo atakhala mbale.