Mmene Ana a ku Thailand Amazoloŵerera Ndiwo za Tsabola

Dziko la Thailand lili kum'mwera chakum'maŵa kwa Asia, ndipo anthu ake ndi otchuka ndi ndiwo zamsuzi zimene iwo amazitcha kaeng, pamene Angerezi amati curry. Zambiri mwa ndiwo zimenezi zimaŵaŵa koopsa. Komabe mwana wa kumeneko sabadwa akudziŵa tsabola ayi. Amamuzoloŵera pang'onopang'ono, ndipo njira imene makolo ake amatsata ingathandize banja lililonse lokonda tsabola, ngakhale wa kambuzi amene.

Tsabola ndi mlendo ku Thailand. Kwawo ndi ku America, ndipo anafika ku Asia ndi amalonda Achipwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chimene chimaŵaŵa mwa iye ndi mankhwala otchedwa capsaicin, amene amachuluka m'kanyama koyera kogwira njere. Mankhwalaŵa sasungunuka m'madzi koma m'mafuta. N'chifukwa chake madzi sathandiza kwenikweni mwana amene walira ndi tsabola. Mkaka umaziziritsa m'kamwa msanga, ndipo mpunga wosathira kanthu nawonso umachepetsako ululu.

Pa chakudya chamadzulo, banja la ku Thailand limaika mbale za ndiwo zingapo pakati, aliyense n'kukhala ndi mbale yake ya mpunga. Kaŵirikaŵiri pambali pamakhala kambale ka tsabola woduladula, kuti wamkulu wofuna zoŵaŵa adzithirire yekha. Mwana wamng'ono amadya phala la mpunga lotchedwa jok, mazira okazinga, ndi msuzi wopanda tsabola wotchedwa kaeng chuet. Akasinkhuka, mayi amamudonthezera msuzi pang'ono wa curry pamphepete pa mpunga wake, osati kusakaniza mbale yonse, kuti akaukana asagone ndi njala.

Ndiwo zoyenera kuyambira ndi massaman. Zimenezi zinachokera kwa Asilamu, ndipo zimaphikidwa ndi nyama ya nkhuku kapena ya ng'ombe, mbatatesi, anyezi, mtedza ndi mkaka wa kokonati. Tsabola amakhalamo wochepa, ndipo mafuta a kokonati amafooketsa ngakhale wochepayo. Zachikasu, zotchedwa kaeng kari, nazonso n'zofatsa. Zobiriŵira, kaeng khiao wan, zimanyenga: dzina lake lili ndi liwu lotanthauza kutsekemera, koma zimaphikidwa ndi tsabola wamuŵisi, ndipo mwana ayenera kuzidikira. Kumene kokonati sapezeka, nsinjiro zingagwire ntchito yofananayo popeza nazo zili ndi mafuta.

Mwana akalavula tsiku loyamba, sindiye kuti ndiwozo wazida mpaka kalekale. Ana ambiri amalandira chakudya chachilendo atachilaŵa kasanu ndi katatu kapena kakhumi, pa masiku osiyana. Kumukakamiza, kapena kumuseka pamene akutuluka misozi (monga achitira achibale ena), kumangomuopsa.

Koma choopsa chachikulu m'ndiwo zimenezi si tsabola, ndi mchere. Ophika a ku Thailand amakoleretsa ndi nam pla, madzi a nsomba zosungidwa mumchere miyezi yambiri, ndiponso kapi, phala la tinkhanu ta m'nyanja ya mchere. Impso za mwana sizingathe mchere wochuluka chotero. Wosakwana chaka asapyole gilamu 1 pa tsiku, ndipo wa chaka 1 mpaka 3 asapyole magilamu 2. Mayi wanzeru amapatula ndiwo za mwana asanathire zokoleretsazo. Tinkhanu ndi mtedza zimayambitsa ziŵengo mwa ana ena. Mwana akatupa milomo kapena kubanika atadya, athamangire naye kuchipatala nthaŵi yomweyo. Mtedza wathunthu ungatsamwitse mwana wosakwana zaka 5, choncho uyenera kusinjidwa. Ndipo ngakhale umatchedwa mkaka, wa kokonati sungaloŵe m'malo mwa bere: kwa miyezi 6 yoyamba khanda liyamwe bere lokha.

Amene waduladula tsabola asambe m'manja ndi sopo asananyamule mwana, chifukwa capsaicin amakanirira ku zala ndipo amaotcha maso. Nkhuku ipse mpaka pafupa. Ndiwo za kokonati ndi mpunga wophika sizichedwa kuwonongeka kumalo otentha, kotero kumene kulibe firiji zisakhale pa mbale kupyola maola 2, ndipo mwana asapatsidwe zogona.