Kuteteza Mabondo ndi Akakolo a Amayi ndi Atsikana Osewera Mpira

Tikangomaliza kukolola, mabwalo a masukulu ndi a matchalitchi m'madera athu ano a Chitedze, Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma amadzaza ndi amayi ndi atsikana osewera mpira wa ntchemberembaye. Ena ayambanso mpira wa miyendo, potengera chitsanzo cha timu yathu ya Scorchers imene idatenga chikho cha COSAFA m'chaka cha 2023. Izi n'zokondweretsa. Komabe ambiri a ife tikudziwako mayi kapena mtsikana amene adasiya mpira chifukwa cha bondo, ndipo mpaka lero amatsimphina. Tisaiwale kuti bondo limene amasewerera mpiralo ndi lomwelo limene amapitira nalo kumunda, kudimba, kumjigo ndi kuchigayo.

Kodi bondo limavulala bwanji?

M'kati mwa bondo muli mitsempha yolimba imene imamanga fupa la m'ntchafu ndi fupa la m'munsi kuti asatayane. Umodzi mwa mitsemphayi, umene madokotala amautcha ACL, ndiwo umagwira fupa la m'munsi kuti lisaterereke kutsogolo kapena kupotoka. Ukaduka sulumikizananso wokha monga limachitira fupa lothyoka.

Ambiri timaganiza kuti wosewera amavulala chifukwa wina wamutchera mwendo kapena wamugunda. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri mtsempha umenewu umaduka popanda womukhudza. Mtsikana amadumpha kuti awakhe mpira, n'kutera ndi mwendo umodzi uli chiwongokere, bondo n'kupindikira m'kati. Kapena amathamanga, n'kuima mwadzidzidzi kuti akhote, phazi lili lomata pansi pamene thupi lonse lapotoka. Malamulo a ntchemberembaye amaonjezeranso vutoli, pakuti amene wagwira mpira saloledwa kuyenda nawo. Ayenera kuima pomwepo ngakhale adabwera pa liwiro, ndipo mphamvu yonse ya liwirolo imathera m'bondo ndi m'kakolo.

Akatswiri a zaumoyo adapeza kuti akazi amaduka mtsempha umenewu kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi amuna osewera masewera omwewo. Zifukwa zina ndi za chibadwa, monga kapangidwe ka chiuno, ndipo sitingazisinthe. Koma zina ndi zoti munthu angaphunzire: atsikana ambiri amatera ataimirira njo, mabondo atayandikana, ndipo minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi ya m'matako, imene imathandiza kugwira bondo, imakhala yochepa mphamvu poyerekeza ndi ya kutsogolo.

Apa wina anganene kuti, “Amayi athu ndi amphamvu kale. Amalima, amasenza nkhuni, amaponda njinga mpaka ku Nsundwe.” Sitikutsutsa. Koma mphamvu ya khasu ndi ina, luso lotera bwino ndi linanso. Khasu siliphunzitsa bondo chochita pa kamphindi kamene phazi lagunda pansi.

Vutoli silisankha. Mwawi Kumwenda, amene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney m'chaka cha 2015, adaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia. Adachitidwa opaleshoni, nakhala pafupifupi chaka osasewera, ndipo mu 2020 adathandiza timu yake kutenga chikho. Iyeyo adali ndi madokotala ndi aphunzitsi omusamalira tsiku ndi tsiku. Mwana wathu wa ku Kabudula akaduka mtsempha womwewo, opaleshoni yotero ndi yovuta kuipeza, ndipo kawirikawiri amangokhala ndi bondo lofooka limene limamugwetsa akasenza ndowa.

Kodi kuphunzitsa thupi kumathandizadi?

Inde, ndipo zidayesedwa. M'chaka cha 2008 akatswiri a ku Norway adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa atsikana 1,892 a zaka 13 mpaka 17 osewera mpira wa miyendo. Matimu ena ankayamba ndi ndondomeko ya mphindi 20 yotchedwa 11+, imene bungwe la FIFA lidathandiza kukonza, pamene ena ankangotenthetsa thupi mwa chizolowezi. Kwa otsata ndondomekoyi kuvulala kudachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kuvulala kwakukulu kudachepa pafupifupi ndi theka. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2012 wa atsikana oposa 4,500 adaonetsa kuti mphindi 15 zokha, kawiri pa sabata, zidachepetsa kuduka kwa mtsempha uja ndi 64 pa 100 alionse. Mabungwe a ntchemberembaye a ku Australia ndi New Zealand nawonso adakonza ndondomeko zawo zotsata mfundo zomwezi.

Chotisangalatsa ife akumudzi n'chakuti zonsezi sizifuna ndalama kapena makina. Zimafuna bwalo, mpira ndi mnzako.

Timu iyambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono, kutsogolo, chammbali ndi chafutambuyo, mpaka thupi litatentha. Kenaka aliyense aime ndi mwendo umodzi, bondo litapindika pang'ono, n'kumaponyerana mpira ndi mnzake kwa theka la mphindi, asinthe mwendo. Zimenezi zimaoneka ngati zachibwana, koma ndizo zimaphunzitsa kakolo kudzigwira, makamaka kwa amene adabinyapo kale, pakuti kakolo lobinya kamodzi silichedwa kubinyanso. Atatero anjute ngati akukhala pa mpando wosaoneka ndi kudzukanso, kakhumi.

Polimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, wosewera agwade pa chiguduli kapena pa udzu, mnzake amugwire zolimba mu akakolo. Thupi lili chiwongokere kuyambira m'mabondo mpaka kumutu, agwere kutsogolo pang'onopang'ono, akudziletsa mpaka pamene walephera, ndipo atchinjirize ndi manja. Oyamba kumene achite katatu kapena kasanu basi, chifukwa m'mawa mwake ntchafu zimawawa.

Chachikulu koposa ndi kuphunzira kutera. Wosewera adumphe ndi kutera mofewa, choyamba ndi kutsogolo kwa phazi, mabondo ndi chiuno zitapindika, bondo lililonse lili moyang'anizana ndi zala za phazi lake, osati lopindikira m'kati. Akazolowera ndi miyendo iwiri ayambe kutera ndi umodzi, kenaka atere akuwakha mpira, kenaka akhote ali pa liwiro. Mphunzitsi aime kutsogolo, maso ali pa mabondo, makutu ali tcheru: amene akumveka kuti di! potera, ndiye kuti sanadziwe. Kuchita kakhumi molondola kuposa kuchita makumi asanu molakwika, chifukwa thupi limasunga chimene lazolowera.

Kafukufuku yemwe uja wa ku Norway adaonetsanso kuti amene ankachita kawirikawiri ndiwo adatetezeka kwambiri. Choncho sikokwanira kuyamba kutangotsala sabata imodzi kuti chikho chiyambe. Matimu athu ambiri amakumana pokhapokha akamva kuti wina wagula chikho ndi yunifomu. Ife a m'makomiti a sukulu, a achinyamata ndi a amayi tili ndi ufulu wofunsa okonza mipikisano kuti alengeze msanga, matimu apeze miyezi iwiri yokonzekera, ndiponso kuti asaseweretse ana athu masewera anayi kapena asanu tsiku limodzi, popeza mwendo wotopa ndiwo umatera molakwika.

Bwalo nalonso ndi udindo wathu. M'chilimwe dothi limauma gwa, ndipo maenje, ziputu ndi miyala zimabinyitsa akakolo. Tikwirire maenje ndi kusesa tisanayambe, ndipo wina asalowe m'bwalo atavala patapata.

Nanga wina akavulala?

Atuluke nthawi yomweyo, ngakhale atakhala kuti ndiye wogoletsa yekhayo. Agone, mwendo utakwezedwa pa chinthu, timuike nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira ndi kumanga bandeji kapena chitenje mosathinitsa. Tisamukoke mwendo, tisamuthowe ndi madzi otentha masiku awiri oyamba, ndipo tisamuteme mphini. Ngati adamva kuti thwa! m'bondo, ngati latupa m'maola ochepa, ngati likugwedera, kapena ngati sangathe kuponda mapazi anayi, timutengere kuchipatala cha Chitedze, cha Kabudula kapena cha St Gabriel ku Namitete, kumene angamutumize ku Kamuzu Central ngati kuli kofunika. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa mafupa, osati mitsempha. Choncho akatiuza kuti fupa silinathyoke koma bondo likupitirira kumugwetsa, tibwerere naye ndi kupempha kuti aonedwe ndi a mafupa.