Jumbo, Nyuzipepala ndi Chigubu: Zimene Zilowa M'chakudya pa Misika ya ku Ntcheu

Aliyense amene anayendapo pa msewu waukulu wa M1 adziwa kuti boma la Ntcheu lidyetsa anthu ambiri a m'dziko muno. Pa Lizulu, pamene msewu womwewo uli malire a Malawi ndi Mozambique, ndiponso pa mphambano ya ku Tsangano, galimoto zambiri sizipitirira osaima. Pali kachewere, matimati, kabichi ndi anyezi, ndipo pambali pake pali anyamata a chiwaya akukazinga tchipisi ndi nyama. Zonsezi zichoka pamsikapo zitaikidwa mu jumbo, m'pepala, m'thumba kapena m'botolo. Ambiri a ife tiyesa kuti chotengera chingosunga chakudya basi, monga mmene thumba la malaya lisungira ndalama. Komatu akatswiri a sayansi anapeza kale kuti chotengera ndi chakudya zimapatsana zinthu, ndipo zina mwa zinthuzo si zoyenera kulowa m'thupi la munthu.

Awerengi athu akumbukira kuti m'chaka cha 2015 Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamayikironi 60, ndipo mamayikironi 1,000 ndiwo apanga milimita imodzi. Eni mafakitale anapita kukhoti, koma m'mwezi wa July 2019 Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalebe, ngakhale kuti milandu ina inatsatirabe pambuyo pake. Lamulo limeneli n'labwino ndithu, pakuti majumbo otayidwa atseka ngalande, aononga nthaka ndi kudwalitsa mbuzi ndi ng'ombe zimene ziwameza. Koma tiyenera kuzindikira kuti lamuloli liyang'ana kumene jumbo ipita ikatayidwa. Zimene zichitika pamene chakudya chikali m'kati mwake ndi nkhani inanso, ndipo kuchindikala kwa jumbo pakokha sikuyithetsa.

Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. M'kati mwake opanga amathiramo timankhwala tina kuti asamatirire, kuti asafumbutuke msanga, kapena kuti akhale ndi mtundu. Timankhwalati sitimangika kolimba. Timangokhala m'mipata, ndipo tikapeza njira timatuluka. Njirayo imatsegulidwa ndi kutentha, mafuta, kuwawasa kwa chakudya, ndi kutalika kwa nthawi. N'chifukwa chake maiko a ku Ulaya, pa lamulo lawo la 2011, amayesa chotengera chilichonse pochithira madzi a viniga, mowa ndi mafuta ophikira, ndipo salola kuti zotuluka mu pulasitiki zipitirire mamiligalamu 10 pa kachigawo ka masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi.

Tsono taganizirani za tchipisi cha pachiwaya. Chimakazingidwa m'mafuta otentha madigiri pafupifupi 170 kapena 180, pamene pulasitiki wa majumbo amasungunuka pakati pa madigiri 105 ndi 135. N'zoona kuti tchipisi chikaphulidwa chimazizira msanga, koma mphindi zoyambazo kutentha ndi mafuta zimakumana pa jumbo nthawi imodzi, ndipo nthawi zina mumaona jumboyo itakwinyika. Amayi ena amavundikira mpunga, mbatata kapena chimanga chachiwisi ndi pepala la pulasitiki mumphika uli pamoto kuti nthunzi isathawe, ndipo apa pulasitikiyo amakhala pa madigiri 100 kwa nthawi yaitali. Kunena zoona, jumbo yatsopano yoyera imatulutsa zochepa kwambiri, ndipo palibe amene adwala tsiku lomwelo chifukwa cha izo. Nkhawa ili pa chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, makamaka ndi majumbo akuda, amene kawirikawiri amapangidwa posungunula mapulasitiki akale osadziwika kumene anachokera, ndipo mtundu wakudawo umabisa zonse.

Asatipusitse munthu kuti pulasitiki aliyense ndi mdani. Matumba a PICS, amene alimi ambiri asungiramo chimanga ndi nyemba masiku ano, ali ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi thumba lolukidwa kunja. Akamangidwa bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amafa, ndipo mlimi safunikanso kuthira mankhwala m'chimanga chake. Chimangacho n'chouma ndiponso n'chozizira, kotero kuti pafupifupi palibe chimene chichoka mu pulasitiki kulowa m'mbewu. Pulasitikiyo ndi wa mtundu womwewo wa jumbo ya tchipisi; chasiyana ndi chimene mwaikamo.

Pamene majumbo opyapyala asowa, ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa amabwerera ku pepala: nyuzipepala zakale, makope otha, ngakhale mapepala a mayeso, zimene aphunzitsi athu azidziwa bwino kuposa ife. Anthu amati pepala n'labwino popeza limawola. Likanakhala loyera tikanavomereza. Koma inki ya nyuzipepala imasakanizidwa ndi mafuta a mtundu wa oyilo pamodzi ndi utoto, ndipo mafuta a mandasi otentha amaisungunula, mwakuti nthawi zina zilembo zimadindika pa ndasi lenilenilo. Ku India, kumene chizolowezi chimenechi n'chofala, bungwe la Boma loyang'anira zakudya linachenjeza anthu mu December 2016, ndipo malamulo a 2018 analetseratu kukulunga chakudya mu nyuzipepala. Makolo athu pokulunga chakudya m'masamba a nthochi, ndi posunga mfutso m'chikwatu cha masamba a masuku, analibe vuto limeneli.

Chakudya chowawasa chimalimbana kwambiri ndi zitsulo. Ndowa ya malata imakutidwa ndi zinki kuti isachite dzimbiri, ndipo potungira madzi ilibe cholakwa. Koma thobwa kapena maheu akagonamo n'kuyamba kusasa, asidi wake amasungunula zinki, ndipo omwa angathe kuchita nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba patangopita nthawi yochepa. Pa ukwati kapena pa maliro anthu angathamangire kuganizira wofulula thobwalo, mwinanso kumunenera zoipa, pamene wolakwa ndi ndowa. Chitini cha matimati kapena cha nsomba nacho chikatsegulidwa mpweya umalowa, ndipo chitsulo cha tini chimayamba kusungunukira m'chakudya mofulumira. Muyeso wa dziko lonse wa Codex salola tini wopitirira mamiligalamu 250 pa kilogalamu imodzi ya chakudya cha m'chitini. Chotsala chiyenera kutsanulidwa m'mbale kapena m'botolo lagalasi. Kale zitini zinkamatidwa ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana, ndipo dziko la America linaletsa zimenezi mu 1995. Mankhwala a BPA, amene amapezeka mu utoto wopakidwa m'kati mwa zitini zina, maiko a European Union anawaletsa m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011, ndipo mu December 2024 anagwirizana zowachotsa m'zotengera zakudya.

Palinso pamene chotengera sichithira kanthu m'chakudya koma chimalephera kuchiteteza. Mafuta ophikira a m'fakitale amathiridwa Vitamini A mwa lamulo, koma akatsanulidwa m'timabotolo ndi m'timapepala toonekera m'kati n'kuyalidwa padzuwa tsiku lonse, kuwala kumaononga vitaminiyo ndipo mafuta amayamba kununkha chiwawa.

Koma choopsa kuposa zonse, m'boma la ulimi wa kudimba ngati Ntcheu, ndicho chotengera chimene munali mankhwala. Matimati ndi kachewere sizikolola bwino popanda kupopera, makamaka nyengo ya mvula ndi chifunga pamene chiwawu chivuta, ndipo alimi amagula Dithane, Cypermethrin ndi mankhwala ena ambiri. Mankhwala akatha botolo kapena chigubu chimatsala, cholimba, chokhala ndi chitsekero chabwino, ndipo pamudzi chinthu chotere sichitayidwa wamba. Wina amachitsuka ndi sopo n'kusungiramo mchere, mafuta ophikira, mkaka kapena madzi akumwa popita kumunda.

Apa mpamene tifuna kuti awerengi athu amvetse bwino. Mipata imene timankhwala timatulukiramo mu pulasitiki ndi yomweyonso imene zinthu zina zimalowera. Mayi aliyense adziwa kuti chigubu chimene munali palafini sichisiya kununkha ngakhale achitsuke kakhumi, ndiponso kuti kontena imene munali ndiwo za matimati imatsala yofiirira. Palafiniyo walowa m'khoma la chigubu, kumene sopo safika. Mankhwala opopera mbewu amachita chimodzimodzi, ndipo ambiri mwa iwo amasungunuka bwino m'mafuta kuposa m'madzi. Motero chigubu chooneka choyera chimabweza mankhwalawo pang'onopang'ono m'mafuta ophikira kapena mumkaka, ndipo ena mwa mankhwalawa samveka fungo kapena kukoma pamene ali ochepa.

Thumba nalo limamwa. M'miyezi ya June ndi July 1967, ku Doha m'dziko la Qatar ndi ku Hofuf m'dziko la Saudi Arabia, anthu 874 anagonekedwa m'chipatala ndipo 26 anamwalira atadya buledi. Atafufuza anapeza kuti matumba a ufa anakwezedwa m'sitima zapamadzi pamodzi ndi zitini za mankhwala ophera tizilombo a endrin, ndipo mankhwalawo anadontha n'kulowa mu ufa kudzera m'matumbamo. Maiko amenewo ali kutali, koma lole imene yanyamula katundu wosakaniza, ufa pansi ndi mankhwala a kudimba pamwamba, si yachilendo pa misewu yathu. Thumba la feteleza, limene ambiri apita nalo kuchigayo, n'losaopsa kwambiri likachapidwa bwino ndi kuchotsa pepala la m'kati. Thumba limene munali mbewu yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira n'losayenera konse kuikamo ufa.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, limayesa katundu wa m'mafakitale ndi wolowa m'dziko, ndipo la Pesticides Control Board, lochokera pa lamulo la 2000, limayang'anira mankhwala ophera tizilombo. Koma palibe bungwe limene lingathe kulowa m'khitchini iliyonse ya ku Tsangano kukaona chimene chasungidwa m'botolo lakale. Ntchito imeneyo imagwera alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi, amene akhala pakati pa anthuwo ndipo amawadziwa ndi maina. Malangizo a bungwe la FAO pa botolo la mankhwala ndi akuti litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe mu sipuleya ndi kupoperedwa m'munda, kenaka botololo liboolede pansi. Kutsuka katatuko sikulisandutsa chiwiya cha m'nyumba. Kumangochepetsa chiphe chisanatayidwe. Kuboolako ndiko kofunika kwenikweni, pakuti chigubu chabwino cha malita 5 sichigona padzala usiku umodzi mwana wopita kumjigo asanachitole.