Kabuku ka zakudya ndi madzi oikidwa chizindikiro

Kuuza munthu kuti achepetse kudya n'kosavuta. Ntchito yagona pa kudziwa ngati wachepetsadi, ndi mlingo wanji. Akatswiri a ku America anakumana ndi vutoli pa kafukufuku wotchedwa CALERIE, yemwe anachitikira ku Pennington mu Baton Rouge, ku Tufts mu Boston ndi ku Washington University mu St. Louis. Pa anthu 218 athanzi lawo, osanenepa kwambiri, 143 anauzidwa kuti kwa zaka ziwiri achepetse makalori ndi 25 peresenti, pomwe 75 anapitiriza kudya monga mwa masiku onse. Anthuwa sanatsekeredwe m'chipatala. Ankakhala kwawo, kupita kuntchito, kuitanidwa kumaphwando. Ndiye ofufuza akanadziwa bwanji zomwe zinkalowa m'kamwa?

Njira yakale ndi kabuku. Munthu amalemba chilichonse chimene wadya ndi kumwa, katswiri n'kuwerengera makalori ake. Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo imanena zinthu zimene makina sanganene: kuti anadya nsomba kapena nyama yankhumba, kuti chakudya cham'mawa sachilabadira, kuti Loweruka ndiye tsiku limene amapyola muyezo. Imathandizanso wolembayo, chifukwa dzanja likadziwa kuti lilemba, limazengereza kutapa kachiwiri.

Koma taganizirani mayi amene wakhala pansi usiku, ana atagona, cholembera m'manja. Mpunga ndi nyemba aulemba, tiyi amulemba. Nanga kanyama kamene analawa mumphika pofuna kumva mchere? Nanga buledi amene mwana anasiya, iye n'kumaliza kuti asatayidwe? Mafuta ophikira anathira ndi maso, osayeza, chonsecho supuni yaikulu imodzi yokha ili ndi makalori pafupifupi 120. Mayiyu sakunamiza aliyense. Walemba zimene mtima wake ukuziwerenga kuti ndi chakudya. Zotolatola zija zadutsa osaonedwa. Ena amachitanso manyazi, poti kabukuko kakawerengedwa ndi munthu yemweyo amene anawalangiza.

Kukula kwa mpata umenewu kunaonekera mu 1992, pamene Steven Lichtman ndi anzake ku New York anayeza kagulu ka anthu onenepa amene ankati amadya makalori osafika 1,200 patsiku koma thupi osatsika. Zinapezeka kuti zimene ankanena zinkaperewera ndi 47 peresenti pa zimene ankadyadi, ndipo masewera olimbitsa thupi ankawakokomeza ndi 51 peresenti. Ndimawamvera chisoni anthu amenewa, pakuti iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti matupi awo ndiwo ali ndi vuto.

Njira inayo siimufunsa munthu kalikonse. Pa Chingelezi amaitcha doubly labelled water, kunena madzi oikidwa zizindikiro ziwiri. Anaitulukira Nathan Lifson ku Minnesota m'zaka za m'ma 1950 poyesa mbewa, ndipo Dale Schoeller ndiye anayamba kuigwiritsa ntchito pa anthu mu 1982. Munthu amamwa madzi pang'ono, ooneka ngati madzi ena onse, osavulaza, koma haidrojeni ndi okosijeni wake ndi wolemererapo kusiyana ndi wa m'madzi wamba, moti makina amatha kumulondola. Kenako amapereka mkodzo m'timabotolo, poyamba ndi pakatha masabata pafupifupi awiri.

Nzeru yake ndi yokoma kuimva. Haidrojeni uja amatuluka m'thupi ngati madzi basi: mkodzo, thukuta, nthunzi ya m'kamwa. Okosijeni ali ndi makomo awiri, amatuluka ngati madzi komanso mu mpweya woipa umene timapumira kunja. Choncho okosijeni amatha msanga, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kumasonyeza kuchuluka kwa mpweya woipa umene thupi lapanga. Mpweyawo uli ngati utsi wa moto: ukaudziwa, wadziwa nkhuni zimene zapsa. Apo mwapeza makalori amene thupi lagwiritsa ntchito. Otsala ndi masamu. Makina otchedwa DXA amayeza mafuta ndi minofu zimene zachoka m'thupi, ndipo mukachotsera mphamvu yochokera m'nkhokwe imeneyi, chotsalacho ndicho munthu anadya.

Umu ndi momwe a CALERIE anayezera, ndipo yankho silinali 25. Pa zaka ziwirizo anthu anachepetsa makalori ndi pafupifupi 12 peresenti. Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira anayesetsa mpaka kuyandikira 20, kenako anabwerera pansi pa 10. Ngakhale zinali choncho, thupi linatsika ndi pafupifupi 10 peresenti, ndipo kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi zinasintha mokomera thanzi. Apa ndi pamene ndimaona phindu la madziwa. Ofufuza akanangodalira zolemba, phindu lonseli likanatchedwa la anthu amene anadzimana kwambiri, ndipo wodwala wofunsa dokotala akanapatsidwa chimtolo choposa chimene anthu a m'kafukufukuyo ananyamula.

Madziwa nawo ali ndi polekezera. Ndi okwera mtengo, makamaka okosijeni wake, ndipo amafuna labotale ya makina apadera, n'chifukwa chake sangamwetsedwe kwa anthu masauzande mwezi ndi mwezi. Amangopereka nambala imodzi ya masabata awiri, osanena kuti makaloriwo anachokera ku ndiwo zamasamba kapena ku mowa. Munthu akhozanso kudzigwira m'masiku oyezedwawo, n'kutayirira akatha. Ndipo ngati nthawi yoyezayo ili yaifupi, kulakwitsa pang'ono kwa DXA kumasokoneza masamu onse.

Ine ndikamawerenga zotsatira za kafukufuku wa kuchepetsa kudya, ndimayamba ndafufuza kuti kutsatira kwa anthu anakuyeza ndi chiyani. Akati ndi kabuku kokha, nambala ya makaloriyo ndimaikayikira, ngakhale ndimamvetsera zimene kakunena za mitundu ya zakudya ndi nthawi yodyera. Akati anamwetsa madzi aja ndi kuyeza thupi, nambalayo ndimailandira, kabuku n'kukatsegula pambuyo pake pofuna kuona kuti pa mwezi wachisanu ndi chiwiri chinabwerera m'mbale n'chiyani.