Mwana Wochedwa Kukhazikika: Za Makolo a ku Mutare

Aliyense amene anatsikapo pa Christmas Pass nauona mzinda wa Mutare uli phee m'chigwa, mapiri atauzinga monga linga la makedzana, ayenera kukumbuka kuti kuno kunafika makolo athu ambiri a ku Nyasaland, ena kudzagwira ntchito pa njanji ya ku Beira, ena ku migodi ya golide ya ku Penhalonga, ena m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley. Ndipo zidzukulu zawo, ngakhale lilime lawo linapendekera ku Chimanyika, zikadali ku Sakubva ndi ku Dangamvura kufikira lero. Koma machona amenewa anasiya kumudzi chinthu chimene sichimangidwa mumtolo, ndicho mbumba. Pakuti kwathu mkazi akabala mwana amene khosi lake silikulimba, amakhala pakati pa amake, achemwali ake ndi atsibweni, pamene kuno amatsala yekha m'kachipinda kalendi, maso a anansi ali pa iye.

Tiyambe ndi funso limene limaphwasula mabanja, lakuti wachimwa ndani. Funsoli ndi lakale, popeza ophunzira a Ambuye nawonso analifunsa ataona munthu wobadwa wosapenya, ndipo anauzidwa kuti panalibe mlandu wa iye kapena wa makolo ake. Achipatala masiku ano atiuza zomwezo m'mawu awo: kuti ubongo wa khanda umavulala pamene mayi wachedwa kuchira, mwana n'kubanika osalira msanga, pamene chikasu chakula m'masiku oyamba osachizidwa, pamene matenda oumitsa khosi kapena malungo a mu ubongo amugwira, ndipo malungowo m'zigwa zotentha za Manicaland sasowa. Zotsatira zake ndi khunyu, limene anzathu Achishona amati pfari, kapena kuuma ndi kufooka kwa ziwalo kumene madokotala amati cerebral palsy, kapena kuchedwa kuyankhula ndi kugwira zinthu m'mutu. Palinso ana a autism, amene matupi awo ali bwinobwino koma sayang'ana munthu m'maso ndipo phokoso limawasautsa. Awa ndiwo amanenedwa kwambiri kuti atate awo anawakhwimira pofuna chuma. Bodza limeneli lathamangitsa akazi ambiri kuukwati, ndipo mwamuna wothawa mwana wake pa chifukwa chotere sindimuona ulemu wake.

Dziko la Zimbabwe silinayambe dzulo kuganizira anthu otere. Jairos Jiri anakhazikitsa bungwe lake ku Bulawayo mu 1950. Lamulo la anthu olumala linadza mu 1992. Ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika chinenero chamanja pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, mumndandanda womwewo umene muli Chichewa chathu. Mu Mutare momwe muli sukulu ya Chengetai ya bungwe la Zimcare Trust, yophunzitsa ana ochedwa nzeru, ndiponso malo a Nzeve, dzina lotanthauza khutu, kumene ana osamva amaphunzira kuyankhula ndi manja, makolo awonso naphunzira, kuti mwana asakhale mlendo pakhomo pa amake. Ku chipatala chachikulu cha Victoria Chitepo kuli a mafizo.

Komatu wa mafizo amamuona mwanayo mphindi zowerengeka, mwina kamodzi pamwezi ngati ndalama ya kombi yapezeka, pamene mayi kapena agogo ali naye usana ndi usiku. Chifukwa chake sing'anga weniweni wa mwana wotere ndiye amene amamubereka kumsana, ndipo nzeru imene siinalowe m'manja mwa mayiyo yangothera m'chipinda cha chipatala. Aphunzitsidwe kuti mwana wovutika kumeza asamudyetse chogona chagada, koma atamukhazika tsonga, chibwano chitawerama pang'ono, phala lake lolimbirako ndi supuni yosadzaza, chifukwa chakudya cholowera kumapapo ndicho chimabweretsa chibayo. Aphunzitsidwe kumutembenuza kawirikawiri kuti asachite zilonda, kuongola manja ndi miyendo mofatsa tsiku ndi tsiku mfundo zisanaume, ndiponso kuyankhula naye pophika ndi pochapa ngakhale iye sayankha.

Pa khunyu ndikhalitsepo, pakuti apa umbuli umapha. Mwana akagwa, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize, musamumwetse kanthu. Mumchotse pafupi ndi moto ndi madzi, muike chofewa kumutu, ndipo kugwedezekako kukatha mumgoneke cham'mbali. Kukapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala. Thovu lake silipatsira munthu matenda, ngakhale ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuthawa. Ndipo zipsera zamoto zimene timaona pa ana akhunyu nthawi zambiri ndi umboni wa anthu amene anaimirira patali. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse limati anthu ofika 70 mwa 100 alionse akhoza kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera, monga phenobarbital ndi carbamazepine, malinga amwedwe tsiku lililonse osadukiza. Vuto n'lakuti mwana akakhala miyezi osagwa, makolo amati wachira naleka, kapena mankhwalawo amasowa kukiliniki, matenda n'kubwerera ndi ukali.

Mutu umodzi susenza denga, anatero akale, ndipo amayi a ana otere m'dziko muno anazindikira zimenezi pamene anadzisonkhanitsa m'bungwe la Zimbabwe Parents of Handicapped Children Association, mmene amasinthana kulera kuti wina apite kumsika wa Sakubva, nauzana zimene dokotala analibe nthawi yofotokoza. Imeneyo ndiyo mbumba ya mchona.

M'magulu otere mumaphunziridwanso luso limene linabadwira m'Zimbabwe momwemo, limene Bevill Packer analiyambitsa: kumata makatoni akale ndi phala la ufa, kuwasanjikiza mopingasa ndi kuwakuta mapepala, kufikira atauma gwa ngati thabwa. Pamenepo pamatuluka kampando koyezedwa pa thupi la mwanayo, kochirikiza msana ndi chiuno, kokhala ndi kathebulo kutsogolo. Ndipo mwana amene zaka zitatu anagona pamphasa akuona denga lokha amadzuka, nakhala pabwalo nthawi ya nsima, naona nkhope za abale ake.