Chifukwa chake timu yanu ya pa Football Manager imagwa ikafika February

Aliyense amene amasewera Football Manager amalidziwa dandaulo ili. Ligi yayamba bwino, kuchokera mu August mpaka November timu ikungoswa aliyense. Kenako ikafika February zinthu zimangotembenuka: sitiraika akuphonya ali yekha ndi goloboyi, ma defenda akugoletsetsa mphindi 85, osewera atatu ali m'manja mwa madokotala. Munthu amatseka laputopu n'kumati gemuyi ndi yokonzeratu, kompyuta sikufuna kuti nditenge chikho. Ambiri mwa mavuto amenewa si ufiti wa kompyuta ayi. Ndi kutopa kwa osewera, ndipo kumakhala kuti kunayamba miyezi itatu yapitayo kochi asakuona.

Gemuyi, imene imapangidwa ndi kampani ya Sports Interactive ya ku London, siyesa thupi la wosewera ndi muyezo umodzi. Pali zinthu zitatu zosiyana, ndipo ambiri timangoyang'ana chimodzi.

Choyamba ndi condition, mphamvu zimene wosewera ali nazo lero. Kale inkaoneka ngati peresenti, koma kuyambira pa FM21 anaika kachizindikiro ka mtima. Imatsika gemu ili mkati, n'kukweranso akapuma masiku angapo. Chachiwiri ndi match sharpness, kutanthauza kuti miyendo yazolowera mpira wa mpikisano kapena yachita dzimbiri. Iyi siibwera ndi kupuma, imabwera ndi kusewera. Ndiye apa pali kamsampha: mukamupumitsa kwambiri wosewera, mtima uja umadzaza koma sharpness imatsika, ndipo tsiku limene mwamuponya m'bwalo amachedwa pa mpira uliwonse, mwinanso kuvulala kumene.

Chachitatu ndiye chimapha matimu. Ndi kutopa kounjikana, kumene gemuyi imakutcha fatigue, ndipo osewera akale a gemuyi amakudziwa ndi dzina loti jaded. Kumeneku sikutha ndi tulo ta masiku awiri. Kumakhala ngati ngongole ya katapila: Loweruka lililonse mukamuseweretsa mnyamata yemweyo mphindi 90, Lachitatu mphindi 90 zina, chiwongoladzanja chikukwera mwakachetechete. Kamtima kaja kakhoza kuoneka kodzaza m'mawa wa gemu, koma pofika mphindi 60 munthu watheratu. Akatopa chonchi sikuti amangothamanga pang'onopang'ono basi. Amachedwa kubwerera kumbuyo, mapasi amayamba kusochera, ndipo mpata woti minofu ikoke umakula.

Osewera satopa mofanana. Luso lililonse mu gemuyi limayezedwa kuyambira 1 mpaka 20, ndipo pa nkhani ino manambala awiri ndi ofunika. Stamina imanena kutalika kwa nthawi imene munthu angalimbe gemu ili mkati. Natural fitness imanena changu chimene thupi lake limabwerera m'malo pakati pa gemu ndi gemu, komanso imathandiza kuti asafooke msanga akamakula. Palinso nambala ina yobisika, ya kuvulalavulala, imene simuiona koma sikauti amakutsinani khutu mu lipoti lake. Anthu timathamangira kugula winga wa liwiro 17 osawerenga mzere umenewo, kenako n'kumadabwa kuti theka la sizoni ali pa bedi.

Kaseweredwe nakonso kali ndi mtengo wake. Pafupifupi aliyense amasankha Gegenpress, mpira wothamangitsa adani paliponse umene Jürgen Klopp anatchuka nawo ku Dortmund ndi ku Liverpool, chifukwa mu gemuyi umabweretsa zigoli msanga. Vuto ndi lakuti umadya mphamvu koopsa, makamaka kwa ma fullback ndi apakati. Tsono tangoganizani mwatenga timu ya mu Championship ya ku England, kumene ligi yokha ili ndi magemu 46, kuwonjezapo FA Cup ndi League Cup, ndipo nthawi ya Khrisimasi magemu amathithikana masiku awiri kapena atatu alionse. Ndi osewera 14 odalirika okha, Gegenpress yoteroyo siingakufikitseni mu May. Ine ndimaona kuti apa gemuyi siilakwa, imangokulipiritsani zimene munadya.

Ena amati kuvulala mu gemuyi n'kochuluka mopyola muyezo. Opanga ake akhala akuyankha kuti n'kochepa poyerekeza ndi mpira weniweni, ndipo mukayang'ana za ku Ulaya mupeza kuti sakunama. Mu September 2024, Rodri wa Manchester City anauza atolankhani kuti osewera atsala pang'ono kunyanyala chifukwa cha kuchuluka kwa magemu. Pasanathe sabata, pa 22 September, anaduka mtsempha wa m'bondo, uja amati ACL, pa gemu yolimbana ndi Arsenal. Ballon d'Or anakalandira akuyendera ndodo. Palibe angalumbire kuti kutopa ndiko kunadula mtsemphawo, koma zimene zinatsatira aliyense anaziona: kuyambira kumapeto kwa October mpaka mu December, City inapambana gemu imodzi yokha pa magemu 13, ndipo ligi imene inatenga kanayi motsatizana inapita ku Liverpool. Izi zikanachitika pa laputopu yanu mukanati gemuyi yabera.

Nanga kochi achite chiyani? Chida chachikulu chili kale mu gemu, kungoti ambiri sachitsegula. Ndi tsamba la Medical Centre, limene linabwera ndi FM18. Pamenepo akatswiri a zathupi amakuonetsani amene wasewera magemu ochuluka posachedwa, amene tireningi yamulemera, ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu chovulala. Dzina likafiira pamenepo, mupumitseni ngakhale gemu yotsatira ikuoneka yofunika. Kutaya mapointi awiri n'kopepuka kusiyana ndi kutaya munthu masabata anayi chifukwa cha minofu ya kuseri kwa ntchafu, kapena miyezi 6 mpaka 9 chifukwa cha bondo. Ndipo wochokera kovulala kwa nthawi yaitali nthawi zina amabwerako liwiro litatsika, osabwereranso mwakale.

Pa tireningi pali poti mutha kuuza gemu kuti wotopa azichita theka la ntchito kapena asakhudze mpira n'komwe mpaka mphamvu zibwerere. Mukachikonza kamodzi chimadziyendera chokha. Masabu nawo alipo asanu tsopano, lamulo limene linayamba mu 2020 nthawi ya Covid-19 n'kukhazikika mu 2022, koma mupeza munthu wafika mphindi 80 asanasinthe ndi mmodzi yemwe, eti kuopa kusokoneza timu. Mukatsogola 3-0, tulutsani odalirika aja ndipo tsitsani liwiro la mpira. Wochira kumene muyambitseni ku timu ya achinyamata, mphindi 45, kenako 60, asanabwerere ku timu yaikulu. Za jakisoni woti asewere ali wovulala, zisungireni fainolo basi.

Amene mumasewera pa foni nkhani yake ndi yomweyi, koma pa Top Eleven, ya kampani ya Nordeus ya ku Belgrade, ili ndi mbali ina yofunika kuchenjera nayo. Kumeneko kutopa kumachotsedwa ndi timapaketi tobiriwira, kuvulala ndi tofiira, ndipo tikatha gemuyi imakulozerani koonera malonda kapena kogula ndi ndalama zenizeni. Pa Football Manager kochi wosasamala amataya mapointi, pomwe pa Top Eleven amatayanso bandulo, mwinanso ndalama imene inali ya ndiwo.