Kuvekedwa Yunifolomu ya Chigwirizano Kutali ndi Kumudzi

Mwa miyambo ya mpingo imene Amalawi apita nayo ku South Africa, woveka amayi yunifolomu ndi umene wakhazikika msanga, koma ndi womwewonso umene ukutha mphamvu anthu osazindikira. Ku Phokeng, likulu la Abafokeng pafupi ndi Rustenburg, mayi wovala za mpingo sadabwitsa munthu, pakuti Chikhristu chinazika mizu kumeneko kuyambira m'zaka za m'ma 1860 pamene mfumu Mokgatle inalandira Christoph Penzhorn, mmishonale wachilutera wa bungwe la Hermannsburg, ndiponso mipingo ya m'dzikolo ili ndi magulu ake a amayi opemphera, otchedwa manyano, amene amasonkhana Lachinayi, tsiku limene kale antchito a m'nyumba za azungu ankapuma. Motero mayi wa ku Dedza kapena ku Dowa akatulukira atavala duku loyera, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, anansi amamupatsa ulemu osafunsa kuti chovalacho anachipeza bwanji.

Chigwirizano cha amayi, chimene ku Sinodi ya Blantyre chimatchedwa Mvano ndipo ku Livingstonia Umanyano, chinayamba mu 1940 m'mipingo ya Nkhoma, nthawi imene amuna ndiwo ankapita ku Joni kudzera mu Wenela, akazi n'kutsala akusunga mudzi ndi mpingo. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma njira ya ku Joni sinatsekeke, ndipo lero amayi nawonso amafika m'madera a migodi ya platinamu kudzagwira ntchito za m'nyumba, kusoka, kuluka tsitsi ndi kugulitsa malonda.

Dongosolo lake n'lodziwika: mayi amayenera kukhala wobatizidwa ndiponso wodya mgonero, amalembetsa, amaphunzitsidwa, kenako amavekedwa pamaso pa mpingo. Chimene ambiri amachidumpha pofotokoza ndi nthawi ya pakati pa kulembetsa ndi kuvekedwa, imene mayiyo amayenda ndi anzake ali m'chitenje wamba, akusesa m'tchalitchi, akuyendera odwala, akutunga madzi ndi kuphika pamaliro, amayi akuluakulu akumuyang'anira osanena zambiri. Amafuna kuona ngati adzabwerabe Lachinayi la nthawi yopalira, ngati amasunga pakamwa pa zimene wamva kunyumba ya wodwala, ndiponso ngati akadzudzulidwa amabweranso kapena amanyanyala. Kupirira kumene malemba amakutchula kumaphunziridwa pa zinthu zazing'ono zotere, ndipo n'chifukwa chake pa tsiku loveka, mayi akalonjeza pamaso pa abusa ndipo mayi busa kapena mtsogoleri wa gulu akamumanga duku, amene amalira ndi chimwemwe kawirikawiri ndi amayi okalamba amene anamuona akufooka n'kulimbanso. Dukulo ndi umboni wa anthu ena wonena za iye, ndipo umboni munthu sadzipatsa yekha.

Apa ndi pamene moyo wa kuchilendo wabweretsa njira zachidule. Wosamuka amayenera kutenga kalata ya mpingo, imene imauza akulu a mpingo a kumene akupita kuti iye ndi ndani ndiponso ngati anavekedwa kapena ayi, koma ambiri amanyamuka mwadzidzidzi osatsanzika ngakhale kumlaga kwawo. Atafika, telala aliyense amatha kusoka bulauzi yoyera tsiku limodzi, ndipo chithunzi chikaikidwa pa Facebook kapena kutumizidwa pa WhatsApp, abale a kumudzi amangoyamika. Magulu ena, chifukwa chofuna kuchuluka ndi kuonjezera zopereka, amaveka munthu amene sanamuonepo pamaliro ngakhale amodzi. N'zoona kuti zifukwa zilipo: bwana wa masiku ano sadziwa za Lachinayi, abusa amakhala kutali, ndipo wopanda ziphaso amaopa kuyenda mtunda wautali pa minibasi. Komabe mavutowa akanathetsedwa posuntha tsiku lokumana kapena potalikitsa nthawi yophunzira, osati poichotseratu.

Onyoza, makamaka a m'mipingo ina yatsopano, amati yunifolomu ndi nsalu chabe, ndipo zachidulezi zimawapatsa ponenera. Iwo amaiwala kuti chovalachi chimavulidwanso: mayi akadulidwa mu mpingo amachisiya, amakhala m'kalasi ya obwerera kwa nthawi imene akulu a mpingo aika, ndipo akabwezeretsedwa amachivalanso pakati pa anthu omwewo amene akudziwa cholakwa chake, chinthu chofuna mtima wolimba koposa kuvekedwa koyamba. Kumene anthu sadziwana, wolakwa amangosamukira ku gulu lina ndi bulauzi yake m'chikwama.

Kusiyana kwa ongovala yunifolomu ndi opirira kumaonekera Mmalawi akamwalira kuchilendo. Pamafunika ogona pa siwa m'kachipinda ka lendi, osonkhetsa ndalama, ndi okhala ndi wofedwa masiku onse amene makalata akukonzedwa kuti thupi lidutse pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo zimenezi zimatha kutenga masabata. Tsiku lonyamula bokosi ovala zoyera amadzaza bwalo, koma usiku wa pakati pa sabata, pamene aliyense ayenera kulawirira kuntchito m'mawa mwake, amene amapezeka pa mphasa ndi amayi ochepa, ena mwa iwo asanavekedwe n'komwe.